Kudziwa Ngati Nambala Igawika Musanayambe Kugawa



Tiyambe ndi nkhani yoyerekeza. Pasukulu pafika mabuku olembamo okwana 348, ndipo aphunzitsi aakulu afuna kuwagawira makalasi 6 mofanana, popanda buku lotsala. Kodi zitheka? Mwana mmodzi atenga pensulo nayamba kugawa. Mnzake angoyang'ana nambalayo kamphindi, nanena kuti, "Inde aphunzitsi, zitheka." Mwana waciwiriyu sanalote ai. Iye adziwa malamulo amene amatiuza ngati nambala igawika, tisanayambe n'komwe kugawa. Lero tiphunzira malamulowo pamodzi ndi zifukwa zake, pakuti mwana amene waloweza lamulo osadziwa kumene lacokera amaligwiritsa nchito pamalo olakwika, ndipo tsiku la mayeso amaliiwala.

Poyamba timvane pa mau awiri. Tikanena kuti nambala igawika ndi inzake, titanthauza kuti pogawa sipatsala kanthu. Nambala 12 igawika ndi 3, cifukwa atatu alowamo kanai ndendende; koma 13 siigawika ndi 3, cifukwa patsala 1. Mau ena ndi akuti cilembo. Nambala iliyonse timailemba ndi zilembo khumi, kuyambira 0 kufikira 9. Motero 348 ili ndi zilembo zitatu: 3 wa pamalo a mazana, 4 wa pamalo a makumi, ndi 8 wa pamalo a umodzi. Malamulo onse a lero acokera m'kalembedwe kameneka.

Malamulo a 2, 5 ndi 10

Aphunzitsi, uzani ana abwere ndi timitengo, ndipo atimange m'mitolo ya khumi khumi. Nambala 76 ikhala mitolo 7 ndi timitengo 6 tapadera. Tsopano itanani ana awiri agawane. Mtolo uliwonse ugawika bwino, pakuti aliyense atengapo timitengo 5. Kaya mitolo ikhale 7, kaya ikhale 700, siidzavuta konse. Cimene cingavute ndi timitengo tapadera tija basi. Ndico cifukwa cake pa lamulo la 2 timayang'ana cilembo cotsiriza cokha: ngati ndi 0, 2, 4, 6 kapena 8, nambala yonse igawika ndi 2.

Ana agawane ali asanu, zicitikanso cimodzimodzi. Mtolo wa khumi upatsa aliyense timitengo 2, ndipo sipatsala kanthu. Tsono nambala igawika ndi 5 ngati ithera ndi 0 kapena 5, monga 865 ndi 3,470. Igawika ndi 10 ngati ithera ndi 0, ndiko kuti palibe kamtengo kapadera ngakhale kamodzi.

Malamulo a 4, 25 ndi 8

Pa 4 mtolo wa khumi sutithandiza, cifukwa ana anai akagawana timitengo 10 patsala 2. Koma zana ligawika. Kumbukirani kuti kwaca imodzi ndi mangwee 100, ndipo anthu anai akaigawana aliyense alandira mangwee 25. Motero mazana onse tingawaike pambali, ndi kuyang'ana zilembo ziwiri zotsiriza zokha. Tengani 1,964. Muli mazana 19, ndipo amenewo tawaika pambali. Kwatsala 64, amene ali 4 kuculukitsa ndi 16. Cotero 1,964 igawika ndi 4. Mukagawa mupeza 491.

Popeza zana ligawikanso ndi 25, lamulo la 25 lifanana ndi lomweli: nambala igawika ndi 25 ngati ithera ndi 00, 25, 50 kapena 75.

Lamulo la 4 lili ndi nchito pa kalendala. Caka cimene cigawika ndi 4 cimakhala ndi masiku 366, ndipo mwezi wa February umakhala ndi masiku 29. Caka ca 1964, pamene dziko la Zambia linalandira ufulu pa 24 October, cinali cotero. Caka ca 2024 cinalinso cotero, ndipo 2028 cidzatero, pakuti 24 ndi 28 agawika ndi 4. Koma pali cenjezo. Dziko lapansi limazungulira dzuwa kwa masiku 365 ndi maola osakwana bwino 6, motero kuonjeza tsiku pa zaka zinai zilizonse kumapitirira pang'ono. Pofuna kukonza zimenezi, kalendala imene Papa Gregory XIII anakhazikitsa mu 1582 inalamula kuti caka cothera ndi 00 cilandire tsiku loonjezera pokhapokha ngati cigawika ndi 400. N'cifukwa cake 2000 cinali ndi 29 February, koma 1900 cinalibe, ndipo 2100 cidzakhala cilibe.

Pa 8, ngakhale zana siligawika, koma cikwi cigawika: 8 kuculukitsa ndi 125 ndi 1,000. Pamenepa tiyang'ana zilembo zitatu zotsiriza. Pa 5,136 tiyesa 136. Ngati 136 ikukulirani, igaweni pakati katatu: 68, kenaka 34, kenaka 17. Yagawika katatu konse popanda cotsala, cotero 5,136 igawika ndi 8.

Malamulo a 3 ndi 9

Apa m'pamene ana ambiri amagwa. Atazolowera kuyang'ana cilembo cotsiriza, amayesa kuti nambala yothera ndi 3 igawika ndi 3, ndi kuti yothera ndi 9 igawika ndi 9. Aphunzitsi, musawakalipire, alembereni 13, 23 ndi 19 pabolodi, ayese okha ndi timitengo, ndipo adzaona kuti nzeru ija yalephera. Cilembo cotsiriza cinatithandiza pa 2 ndi 5 cifukwa mtolo wa khumi unagawika wonse. Pa 3 ndi 9 mtolo sugawika wonse, tsono tiyenera kuwerengera zimene mtolo uliwonse usiya.

Itanani ana asanu ndi anai agawane mtolo wa khumi. Aliyense atenga kamtengo kamodzi, ndipo patsala kamodzi. Agawane zana: aliyense atenga 11, zonse pamodzi 99, ndipo patsalanso kamodzi. Cikwi naco cisiya kamodzi, pakuti 999 agawika ndi 9. Taonani tsono zimene zicitika ndi mabuku athu 348 aja. Mazana atatu asiya 3. Makumi anai asiya 4. Apadera alipo 8. Zotsala zonse pamodzi ndi 3 kuphatikiza 4 kuphatikiza 8, ndiye 15. Kodi mwaona? Zotsalazo ndi zilembo zomwe za nambalayo. Ndiwo magwero a lamulo lakuti: phatikizani zilembo zonse, ngati yankho ligawika ndi 9, nambala yonse igawika ndi 9.

Pa 348 tapeza 15, amene sagawika ndi 9. Mwa 15 tingacotsemo 9 mmodzi, ndi kutsala 6. Motero lamuloli latiuza zinthu ziwiri: kuti 348 siigawika ndi 9, ndiponso kuti cotsala cake ndi 6. Yesani nokha: 9 kuculukitsa ndi 38 ndi 342, ndipo kuti tifike pa 348 pasowa 6. Tengani ina, 7,452. Zilembo zake ziphatikizana kukhala 18, cotero igawika ndi 9. Yankho lake ndi 828.

Popeza 9, 99 ndi 999 agawikanso ndi 3, lamulo la 3 liyenda njira yomweyo. Zilembo za 348 zapereka 15, ndipo 15 agawika ndi 3, motero 348 igawika ndi 3. Zindikirani kuti nambala iliyonse yogawika ndi 9 igawikanso ndi 3, koma si zonse zogawika ndi 3 zimene zigawika ndi 9.

Kuphatikiza malamulo awiri

Tsopano tingathe kuyankha funso la aphunzitsi aakulu. Nambala 6 ndi 2 kuculukitsa ndi 3. Nambala igawika ndi 6 ngati igawika ndi 2 ndiponso ndi 3. Nambala 348 ithera ndi 8, ndipo zilembo zake zipereka 15. Yapambana mayeso onse awiri. Kalasi iliyonse idzalandira mabuku 58. Izi n'zimene mwana uja anacita m'mutu.

Njira yomweyi itipatsa malamulo ena. Pa 12 yesani 3 ndi 4. Pa 15 yesani 3 ndi 5. Pa 18 yesani 2 ndi 9. Koma pano pali mbuna imene imakola ngakhale ana anzeru. Mwana angaganize kuti, popeza 8 ndi 2 kuculukitsa ndi 4, nambala yogawika ndi 2 ndi 4 igawikanso ndi 8. Muonetseni 20: igawika ndi 2, igawika ndi 4, koma ndi 8 patsala 4. Winanso anganene kuti pa 12 tiyese 2 ndi 6. Muonetseni 18: igawika ndi 2 ndi 6, koma siigawika ndi 12. Colakwa cili pati? Nambala 2 ali kale m'kati mwa 4, ndiponso m'kati mwa 6, kotero kuyesa 2 sikunatiuze catsopano. Kuti malamulo awiri aphatikizidwe, manambala awiriwo asakhale ndi nambala ina yowagawa onse, kupatula 1. Motero 3 ndi 4 ayenerana, koma 2 ndi 6 sayenerana.

Lamulo la 11

Lamuloli ndi la ana a m'magiredi apamwamba. Yambirani kumanja. Phatikizani cilembo coyamba, cacitatu, cacisanu, kumangodumpha cimodzi. Kenaka phatikizani zimene munadumpha zija. Pezani kusiyana kwa mayankho awiriwo. Ngati kusiyanako ndi 0, kapena 11, kapena nambala ina yogawika ndi 11, nambala yonse igawika ndi 11. Tengani 2,915. Gulu loyamba ndi 5 ndi 9, ndiye 14. Gulu laciwiri ndi 1 ndi 2, ndiye 3. Kusiyana kwake ndi 11, cotero 2,915 igawika ndi 11. Yankho ndi 265. Pa 1,243 magulu onse awiri apereka 5, kusiyana ndi 0, ndipo nambalayo ndi 11 kuculukitsa ndi 113.

Cifukwa cake n'cosavuta. Pogawa ndi 11, khumi liperewera ndi 1. Zana lipitirira ndi 1, pakuti 99 agawika ndi 11. Cikwi ciperewera ndi 1, pakuti 1,001 ndi 11 kuculukitsa ndi 91. Malo a nambala amasinthana cotero: awa apitirira, otsatira aperewera. Tikacotsa zoperewera pa zopitirira, tidziwa ngati zakwanirana.

Nanga 7?

Ana amafunsa kawirikawiri ngati 7 ali ndi lamulo. Lilipo, koma si lacidule ngati enawa. Cotsani cilembo cotsiriza, ciculukitseni ndi 2, ndipo yankholo mulicotse pa nambala imene yatsala. Pa 364, cilembo cotsiriza ndi 4. Kawiri ndi 8. 36 kucotsa 8 ndi 28. Popeza 28 agawika ndi 7, nayo 364 igawika. Ndi 7 kuculukitsa ndi 52. Cimene tacita pamenepa ndi kucotsa 21 kanai, ndiye 84, pa 364, ndi kutsala 280, ndiwo makumi 28. Nambala 21 igawika ndi 7, cotero kuicotsa sikusintha kanthu pa funso lathu.

Aphunzitsi, auzeni ana zoona: pa nambala yaitali, kugawa ndi 7 mwa njira ya masiku onse kumafulumira kuposa lamuloli. Lamulo ndi cipangizo. Ticigwiritse nchito pamene cipeputsa nchito.

Nchito ya malamulowa

Kodi zonsezi zitithandiza ciani? Coyamba ndi kucepetsa mafulakishoni. Mwana wapatsidwa 126/198. Amene sadziwa malamulo amangoyang'ana, osadziwa poyambira. Amene awadziwa aona kuti manambala onse awiri agawika ndi 2, napeza 63/99. Kenaka aona kuti 6 ndi 3 apereka 9, ndipo 9 ndi 9 apereka 18. Onse agawika ndi 9. Yankho ndi 7/11.

Caciwiri ndi kuzindikira manambala osagawika, amene agawika ndi 1 ndi iwo eni okha, monga 13, 29 ndi 97. Manambala 51, 57 ndi 87 amanyenga ana ambiri, cifukwa saoneka m'matebulo amene analoweza. Koma phatikizani zilembo: 6, 12 ndi 15. Onse agawika ndi 3. Wonyenga wamkulu ndi 91, amene ali 7 kuculukitsa ndi 13. Pa nambala iliyonse yosafika 100, kuyesa 2, 3, 5 ndi 7 kwakwanira; ikalephera kugawika ndi anai amenewa, ndi yosagawika, kupatula 1 amene sawerengedwa m'gululi.

Cacitatu ndi kuyesa ngati samu yakhoza. Mwana waculukitsa 47 ndi 26, napeza 1,222. Phatikizani zilembo za nambala iliyonse kufikira patatsala cilembo cimodzi. Pa 47 tipeza 11, kenaka 2. Pa 26 tipeza 8. Culukitsani 2 ndi 8: ndi 16, kenaka 7. Tsopano yesani yankho lija: zilembo za 1,222 zipereka 7. Zagwirizana. Mwanayo akadalemba 1,122 tikadapeza 6, ndipo tikadadziwa pomwepo kuti walakwa. Koma cenjerani: mayesowa akakana, samu yalakwikadi, akavomera, sikuti yakhoza ndithu. Yankho lolakwa la 1,312 nalonso lipereka 7. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Samu yofunika ibwerezedwe.

Cacinai cikhudza inu aphunzitsi amene musunga ndalama za kalabu kapena za masewera, ndi aliyense wolemba m'buku la sitolo. Tinene kuti m'bokosi muli K572, koma buku lionetsa K527. Musanayambe kukayikira munthu, pezani kusiyana kwake: ndi K45, ndipo 45 agawika ndi 9. Munthu akasinthanitsa zilembo polemba, monga kulemba 27 m'malo mwa 72, kusiyana kumagawika ndi 9 nthawi zonse, cifukwa zilembo zake zikali zomwezo ndipo cotsala cake pa 9 sicinasinthe. Tsono kusiyana kukagawika ndi 9, yambani mwafunafuna mzere umene zilembo zinasinthana. Kumeneku sikutsimikiza kuti colakwa ndi cimeneco, koma kumakuuzani poyambira. Ndi cinthu cowawa kuneneza mnzanu kuba pamene colakwa cinali ca colembera.

Kumene nzeruzi zinacokera

Malamulowa si atsopano. Zilembo khumi zimene tilemba zinayambira ku India, ndipo zinafika ku Ulaya kudzera mwa Aluya. Leonardo wa ku Pisa, amene achedwanso Fibonacci, anaphunzira kalembedwe kameneka ali mnyamata mumzinda wa Bugia, umene lero uchedwa Béjaïa, m'dziko la Algeria. M'buku lake la Liber Abaci la mu 1202 anaphunzitsa amalonda kuwerengera ndi zilembozi, ndiponso kuyesa masamu ndi 9 monga tacitira ife. Pambuyo pake Blaise Pascal wa ku France anafotokoza njira imodzi yopezera lamulo la nambala iliyonse, ndipo zolemba zakezo zinasindikizidwa mu 1665, iye atamwalira kale. Njira yake ndi yomwe ija tacita ndi timitengo: funsani kuti khumi lisiya zingati, zana lisiya zingati, cikwi cisiya zingati.

Mau kwa aphunzitsi

Musaphunzitse malamulo onse tsiku limodzi. Yambani ndi 2, 5 ndi 10. Ana akakhazikika, pitani pa 3 ndi 9, kenaka 4 ndi 6. Musalembe lamulo pabolodi ana asanagwire timitengo kapena timiyala. Alembereni tebulo la 9, muwafunse aphatikize zilembo za 18, 27, 36 ndi 45, ndipo dikirani. Mwana amene adzakweza dzanja ndi kunena kuti, "Aphunzitsi, zonse zikupereka 9," sadzaiwalanso lamulolo. Ndipo mwana akayankha kuti nambala igawika, mufunseni nthawi zonse kuti, "Wadziwa bwanji?" Yankho la inde kapena iai angalipeze mwamwai, koma cifukwa cake sangacipeze mwamwai.

Nchito ya ana

Ana inu, tengani mabuku anu, mulembe mafunso anai awa. Loyamba: pa nambala 4_2 pasowa cilembo capakati, ikani cilembo cimene cicititse kuti igawike ndi 9. Laciwiri: kodi mwezi wa February m'caka ca 2030 udzakhala ndi masiku angati? Lacitatu: mlimi ali ndi mazira 414; kodi angawaike m'magulu a 12 popanda dzira lotsala? Lacinai: yesani 2,520 ndi manambala onse kuyambira 2 kufikira 10.

Mukatsiriza, yerekezani ndi mayankho awa. Loyamba ndi 3, pakuti 4, 3 ndi 2 apereka 9, ndipo nambalayo ndi 432. Laciwiri ndi masiku 28, pakuti 30 sagawika ndi 4. Lacitatu ndi iai: 414 igawika ndi 3, koma 14 sagawika ndi 4, ndipo patsala mazira 6. Pa lacinai mupeza kuti 2,520 igawika ndi onsewo, ndipo palibe nambala ina yoposa 0 yocepera imeneyi imene ingatero.

Amene mwakhoza onse anai, mukayese makolo anu kunyumba madzulo ano. Amene mwaphonya, bwererani ku mitolo yanu ya timitengo, mupeze pamene panalakwika, ndipo mawa muonetse aphunzitsi anu. Tsalani bwino nonse.